Mmene Mungasankhire Chisoti cha Panjinga Chodalirika, Chotchinga Dzuwa Komanso Chosaboola M'thumba

Munthu wofuna kugula chisoti choyendera pa njinga yakapalasa amakhala ndi zofuna zitatu zimene nthawi zina zimakokana. Amafuna kuti chisoticho chimuteteze mutu akagwa, chimutchinge ku dzuwa pa ulendo wautali, komanso chisamuthere ndalama. Zitatuzi n'zotheka kuzipeza m'chisoti chimodzi ngati mutazitsata mwadongosolo: muyambe ndi kulimba kwake, kenaka muone ngati chikukukwanani, ndiyeno muganizire za dzuwa, ndipo mtengo ubwere pomalizira, ukuthandizeni kusankha pakati pa zisoti zimene zakwaniritsa kale mfundo zitatu zoyambazo. Woyambira pa mtengo kapena pa maonekedwe kawirikawiri amagula chinthu chongooneka ngati chisoti, chimene pa tsiku la ngozi sichimuthandiza.

Phindu la chisoti ndi lodziwika bwino. M'chaka cha 2017, Jake Olivier ndi Prudence Creighton anasindikiza zotsatira za kauniuni wa kafukufuku 40 wokhudza anthu oposa 64,000 amene anavulala pa njinga, ndipo anapeza kuti kuvala chisoti kumachepetsa chiopsezo chovulala mutu ndi 51 peresenti, chovulala mutu modetsa nkhawa ndi 69 peresenti, ndipo cha imfa yobwera chifukwa chovulala mutu ndi 65 peresenti.

Choyamba, dziwani chimene chimagwira ntchito m'chisoti

Anthu ambiri amagogoda chikuto chakunja n'kumaganiza kuti chisoti cholimba kunja ndicho chabwino. Chimene chimapulumutsa ubongo kwenikweni ndi thovu louma lokhuthala limene lili mkati, lotchedwa EPS, lofanana ndi zoyera zopepuka zija zimene amatchingira nazo katundu wosachedwa kusweka m'makatoni, kungoti la m'chisoti ndi lothinana kwambiri. Mutu ukamenyeka pansi, thovulo limaphwanyika pang'onopang'ono m'kanthawi kochepa zedi, ndipo potero limatalikitsa nthawi imene mutu ukuima, kotero kuti mphamvu yofika ku ubongo imachepa. Chikuto chopyapyala cha pulasitiki chakunjacho ntchito yake ndi kugwira thovulo kuti lisamwazike komanso kulola chisoti kutsetsereka pa msewu m'malo mokodwa ndi kupotoza khosi.

Zimenezi zikutiuza mfundo ziwiri. Thovu likangophwanyika kamodzi silibwereranso, choncho chisoti cha panjinga chimateteza pa ngozi imodzi yokha. Ndiponso chipewa cha amisiri omanga, chimene chinapangidwira zinthu zogwa kuchokera kumwamba, sichingalowe m'malo mwa chisoti cha panjinga, monganso chisoti cha panjinga yakapalasa sichiyenera kuvalidwa pa njinga yamoto, imene liwiro lake limafuna chisoti cha mtundu wina kotheratu.

Chachiwiri, tembenuzani chisoticho muwerenge zolembedwa mkati

Musanayang'ane mtundu kapena mtengo, fufuzani kapepala komatidwa mkati mwa chisoti. Chisoti choyesedwa moyenera chimatchula muyezo umene chinakwaniritsa, dzina la kampani yochipanga, kukula kwake m'masentimita, ndiponso mwezi ndi chaka chimene chinapangidwa. Miyezo yodziwika kwambiri ndi CPSC ya ku United States, imene inakhala lamulo kumeneko mu 1999, EN 1078 ya ku Ulaya, AS/NZS 2063 ya ku Australia ndi New Zealand, komanso Snell B-90 kapena B-95 ya bungwe loima palokha la Snell. Kwa okwera njinga zoyendera batire zothamanga mpaka makilomita 45 pa ola, ku Netherlands kunakhazikitsidwa muyezo wa NTA 8776, umene umafuna kuti chisoti chiphimbe mbali yaikulu ya mutu ndi kupirira kumenyeka kwamphamvu kuposa zinzake.

Kuti mumvetse tanthauzo la zilembozi, taganizirani mayeso a CPSC. Chisoti chimavekedwa pa mutu wopanga wokhala ndi makina oyezera mkati, kenaka chimagwetsedwa kuchokera pa mtunda wa pafupifupi mamita 2 pa chitsulo chafulati, ndi pafupifupi mita 1.2 pa chitsulo chozungulira ndi china chooneka ngati m'mphepete mwa msewu. Mphamvu yofika ku mutuwo siyenera kupitirira 300 g, kutanthauza kulemera kwa mutuwo kuchulukitsa ka 300. Muyezo wa EN 1078 umagwetsa chisoti pa mtunda wofupikirapo, pafupifupi mita 1.5, koma malire ake ndi 250 g. Amayesanso malamba kuti aone ngati saduka kapena kutamuka akakokedwa mwadzidzidzi, ndiponso ngati chisoti sichivuka pamutu chikakankhidwa.

Chenjezo langa lalikulu pano ndi lakuti chizindikiro cha CE, chimene chimaikidwa pa katundu wogulitsidwa ku Ulaya, chikakhala chokha, popanda nambala ya EN 1078 pambali pake, sichikukuuzani zambiri, popeza chimapezeka pa katundu wamitundumitundu, ngakhale pa zidole. Chisoti chopanda kapepala kalikonse, kapena chokhala ndi zolemba zosamveka ndi zosatchula wochipanga, chibwezereni pamene munachitenga, ngakhale mtengo wake utakhala wokopa chotani. Finyaninso thovu lamkati ndi chala chachikulu: liyenera kukhala louma ndi lolimba, osati lofewa ngati siponji yosambira.

Chachitatu, yezani mutu wanu

Tengani tepi yoyezera ya telala, muizunguze mutu pamalo otambalala kwambiri, kudutsa pa chipumi pafupifupi masentimita 2.5 pamwamba pa nsidze, pamwamba pang'ono pa makutu, mpaka ku nkhongo. Ngati mulibe tepi, chingwe wamba chigwira ntchito, mudzachiyeze pa lula pambuyo pake. Zisoti za akuluakulu zimagawidwa kawirikawiri motere: chaching'ono masentimita 51 mpaka 55, chapakati 55 mpaka 59, ndipo chachikulu 59 mpaka 63, ngakhale kuti kampani iliyonse imasunthako malire amenewa pang'ono. Chifukwa cha ichi, dalirani nambala ya masentimita osati chilembo cha S, M kapena L.

Yezani mutu tsitsi lili mmene limakhalira mukamapalasa njinga. Amene amaluka tsitsi lochindikala kapena kusunga tsitsi lambiri aone kuti chisoti chikhoza kukwana mwezi uno n'kukhala chothina kapena chokhwefuka mwezi wamawa, choncho asankhe chokhala ndi mpata wokwanira wochepetsera ndi kukulitsira. Ngati mukudziwa kuti muzivala kachipewa kopyapyala mkati chifukwa cha dzuwa, monga tifotokozere kutsogoloku, yezani mutakavala.

Chachinayi, chivaleni ndi kuchikonza musanalipire

Gawo ili ndilo limene anthu ambiri amalidumpha, pamene ndilo limasiyanitsa chisoti choteteza ndi chongokongoletsa. Mitu ya anthu ndi yosiyana maumbidwe, ina ndi yozungulira, ina ndi yotalikira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zisoti ziwiri zofanana kukula zikhoza kukhala mosiyana kwambiri pa mutu umodzi.

Ikani chisoti pamutu mowongoka, chisapendekere kumbuyo ngati chipewa chotchenera. Pakati pa nsidze ndi mlomo wa chisoti pazikwana zala ziwiri zokha zopingasa, chifukwa chipumi ndicho chimafika pansi msanga munthu akagwera kutsogolo. Potozani kagudumu ka kumbuyo mpaka chisoti chigwire mutu wonse mofanana, ndipo musanamange lamba wa pachibwano, pukusani mutu uku ndi uku, kenaka weramani pang'ono. Chisoti chokwana bwino sichigwedera, ndipo mukachigwedeza ndi dzanja khungu la pachipumi limayenda nacho limodzi.

Kenaka konzani malamba a m'mbali kuti akumane pansi penipeni pa khutu lililonse, aoneke ngati chilembo cha V khutu lili pakati. Mangani lamba wa pachibwano mothina ndithu, moti pazilowa chala chimodzi kapena ziwiri basi. Tsopano yasamulani kwambiri: muyenera kumva chisoti chikukokera pansi pamwamba pa mutu. Pomaliza chikankheni ndi chikhatho kuchokera kutsogolo ndiponso kuchokera kumbuyo, ndipo ngati chikutsetsereka mpaka kusiya chipumi pamtunda kapena kutseka maso, malamba sanakonzeke, kapena chisoticho si cha mutu wanu.

Khalani nacho pamutu kwa mphindi zingapo. Malo amene akukufinyani pang'ono muli chiimire adzasanduka mutu waching'alang'ala pa ulendo wa ola lathunthu padzuwa, ndipo chisoti chopweteka chimathera pa chiwongolero cha njinga kapena m'nyumba, kumene sichiteteza aliyense.

Chachisanu, ganizirani za dzuwa mofatsa

Pano ndi pamene pamafunika kulingalira kwambiri, chifukwa palibe chisoti chimene chimatchinga dzuwa lonse pachokha, ndipo njira zina zimene anthu amadzitchingira nazo zimawononga chitetezo chimene anagulira chisoticho. Cheza cha dzuwa chotchedwa UV chimakhala champhamvu kwambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, chimadutsa ngakhale mitambo yopyapyala, ndipo chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera kumtunda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudziteteza pamene muyezo wa mphamvu ya chezachi, wotchedwa UV Index, wafika pa 3 kapena kupitirira. Khungu lakuda limapirira kuposa loyera, koma nalonso limapsa, ndipo maso a munthu aliyense amawonongeka ndi cheza chimenechi, chimene chimathandizira kuyambitsa ng'ala. Kwa anthu achialubino nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa, popeza khansa ya pakhungu imawagwira mosavuta, makamaka kumaso, m'makutu ndi m'khosi, malo omwewo amene chisoti wamba chimawasiya pamtunda.

Yambani ndi kamlomo kotchinga dzuwa ka kutsogolo. Zisoti za njinga zoyenda m'misewu yafumbi ndi m'mapiri, ndiponso zambiri za m'tauni, zimabwera nako kale, pamene za mpikisano wa pamsewu watala nthawi zambiri zilibe, chifukwa wopalasa amawerama kwambiri ndipo kamlomoko kangamutsekere njira. Sankhani kamlomo kamene kanapangidwira chisoti chomwecho ndi kampani yomweyo, chifukwa kotereka kamakonzedwa kuti kathothoke kapena kupindika pa ngozi m'malo mokodwa pansi kapena kusweka n'kucheka nkhope. Mukachivala, weramani monga mumachitira mutagwira chiwongolero, muyang'ane kutsogolo osakweza khosi mopitirira muyezo. Ngati simukuona patali bwinobwino, kamlomoko ndi katali kwambiri kwa kakhalidwe kanu pa njinga, ndipo ndi bwino kufuna kamene kamakwezeka ndi kutsitsika.

Dziwani kuti kamlomo kamangopereka mthunzi ku chipumi, maso ndi mbali ya mphuno, makamaka dzuwa likakhala paliwombo. Makutu, masaya ndi kumbuyo kwa khosi zimatsala. Kwa oyenda maulendo ataliatali pang'onopang'ono, pali milomo yansalu yotambalala yozungulira chisoti chonse, imene imamangidwa kunja ndi lamba popanda kuboola kapena kumata kalikonse. Imathandiza kwambiri, koma imakoka mphepo, moti pa mtsetse kapena pa tsiku la mphepo yamkuntho imatha kukankhira chisoti kumbuyo. Ngati mwasankha woterewu, ukhale wofewa, wopindika mosavuta, ndipo muyambe mwauyesa pa liwiro lochepa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani kuti musachite n'komwe: musaboole chisoti, musakhomeremo misomali kapena timabawuti, ndipo musamatepo katoni, lata kapena pulasitiki yolimba pofuna kudzipangira mthunzi. Bowo lililonse limafooketsa thovu, guluu wina amalisungunula, ndipo chinthu cholimba chotulukira kunja chikhoza kulowa m'mutu kapena kupotoza khosi pa nthawi yogwa. N'chimodzimodzinso ndi kuvala kapu wamba mkati mwa chisoti. Kapu yotere ndi yochindikala, imanyamula chisoti kuchichotsa pamalo ake, ndipo kabatani kolimba ka pamwamba pake kamakhala pakati penipeni pa chigaza ndi thovu.

Mabowo olowetsa mphepo nawo ali ndi mbali ziwiri. Amaziziritsa mutu ndi kuumitsa thukuta, chimene ndi chofunika kwambiri kukatentha, koma amalowetsanso dzuwa, ndipo wadazi kapena wometa mpala amapsa mawanga ofanana ndi mabowowo. Yankho lake si kugula chisoti chopanda mabowo, chifukwa kutentha kwake kudzakuchititsani kuchivula. Gulani cha mabowo okwanira okhala ndi ngalande mkati zotulutsira mphepo kumbuyo, ndipo pansi pake muvale kachipewa kopyapyala kogwira mutu, kopanda mabatani kapena misoko yokhuthala. Nsalu yolembedwa UPF 50 imatchinga pafupifupi 98 peresenti ya cheza cha UV, ndipo tizipewa tina totere timakhala ndi kansalu kolendewera kophimba makutu ndi khosi. Ndikuona kuti kwa anthu ambiri kachipewa aka pamodzi ndi chisoti cha kamlomo ndiyo njira yotsika mtengo ndi yotetezeka kuposa zonse.

Maso amafuna magalasi olembedwa UV400, kusonyeza kuti amatchinga cheza cha UV, ndipo opangidwa ndi pulasitiki yosasweka msanga ndi abwino kuposa agalasi lenileni. Kuda kwa magalasi si umboni wakuti akutchinga UV. Magalasi akuda opanda chotchingacho ndi oipa koposa, chifukwa amachititsa kamwanadiso kutambasuka n'kulowetsa cheza chochuluka. Zisoti zina zimabwera ndi galasi lawolawo lotsitsira kumaso, ndipo nalonso muonetsetse kuti lalembedwa UV400 komanso kuti limachotseka kukada. Malo otsala onse, monga mphuno, masaya, makutu ndi khosi, apakeni mafuta oteteza khungu a SPF 30 kapena kuposa, ndipo muzibwereza pakatha maola awiri alionse, kapena msanga ngati mwatuluka thukuta lambiri.

Pa nkhani ya mtundu, sankhani wowala monga woyera kapena wachikasu, makamaka kuti oyendetsa galimoto azikuonerani patali.

Chachisanu ndi chimodzi, yerekezani mitengo

Mukafika pano muli ndi zisoti ziwiri kapena zitatu zimene zili ndi muyezo wovomerezeka, zikukukwanani, ndipo zili ndi kamlomo koyenera. Mwa zimenezi, kusankha chotsika mtengo si kulakwa. Chisoti chilichonse chokhala ndi muyezo womwewo chinadutsa mayeso amodzimodzi, ndipo ndalama zowonjezera za zisoti zodula zimapita makamaka ku kupepuka, mabowo akuluakulu, kapangidwe kodula mphepo pa mpikisano, ndi dzina la kampani. Woyenda ulendo wa tsiku ndi tsiku sapindula kwenikweni ndi kusiyana kwa magalamu ochepa.

Ngati muli ndi ndalama yowonjezera pang'ono, pali zinthu ziwiri zoyenera kuiikapo. Choyamba ndi chisoti chimene chikuto chake chinaumbidwira limodzi ndi thovu, osati chongomatidwa ndi tepi kapena guluu, chifukwa chotere chimakhalitsa ndipo sichikanganuka padzuwa. Chachiwiri ndi luso lochepetsa kupotoka kwa mutu. Anthu ambiri sagwa molunjika, amagwa chopendekera, ndipo mutu umazungulira mwadzidzidzi, zimene zimavulaza ubongo. Luso la MIPS, limene linayambira ku Sweden, ndi kachikuto kopyapyala ka mkati kamene kamalola chisoti kutsetsereka mamilimita 10 mpaka 15 pamutu pa nthawi yomenyeka, ndipo limadziwika ndi kachizindikiro kachikasu. Makampani ena ali ndi njira zawo, monga WaveCel ndi KinetiCore. Masiku ano luso lotere limapezeka ngakhale m'zisoti za mtengo wapakati. Palibe chisoti chimene chingalonjeze kuti ubongo sudzagwedezeka, koma kuchepetsako mphamvuyo ndi phindu lenileni.

Kuyambira mu 2018, yunivesite ya Virginia Tech ku United States imayesa zisoti za panjinga, kuphatikizapo kugwa chopendekera, n'kuzipatsa nyenyezi mpaka zisanu, ndipo zotsatira zake zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense aone kwaulere. Mndandandawo umaonetsa kuti zisoti zina zotsika mtengo zimapambana zina zodula, choncho ndi wofunika kuuyang'ana musanagule. Njira ina yopulumutsira ndalama ndi kugula chisoti chatsopano cha kapangidwe ka chaka chatha, chimene nthawi zambiri amachitsitsa mtengo zatsopano zikafika.

Pali njira ziwiri zopulumutsira ndalama zimene sindingavomereze. Yoyamba ndi kugula chisoti chimene wina anachigwiritsapo ntchito ndipo mbiri yake simukuidziwa, popeza thovu lophwanyika limabisala pansi pa chikuto chooneka bwinobwino. Yachiwiri ndi kugula chisoti cha dzina lotchuka pa mtengo wotsika modabwitsa kwa wogulitsa wosadziwika pa intaneti, chifukwa zisoti zachinyengo zilipo, zimakhala ndi timapepala tabodza, ndipo sizinayesedwe ndi wina aliyense.

Kwa ana, musagule chachikulu n'cholinga choti adzakuliremo. Chikwane lero, ndipo muwaphunzitse kuchivula akatsika njinga n'kupita kokwera mitengo kapena kosewera pa zitsulo zokwerapo, chifukwa chisoti chikakodwa lamba wake akhoza kumupotola mwana pakhosi.

Pomaliza, chisamalireni ndipo mudziwe nthawi yochisiya

Dzuwa limene chisoti chikukutchingirani limachikalambitsanso chisoticho, makamaka chikuto ndi malamba. Chisungeni pamthunzi, ndipo musachisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa kutentha kwambiri kumapinda pulasitiki ndi kuwononga thovu. Chitsukeni ndi madzi ndi sopo wamba, timasiponji ta mkati mutichotse n'kutichapa patokha, ndipo chisakhudzane ndi petulo, penti, kapena mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, amene amadya pulasitiki. Malamba amakhwefuka okha pang'onopang'ono, choncho bwerezani mayeso a zala ndi kuyasamula aja nthawi ndi nthawi.

Makampani ambiri amalangiza kusintha chisoti pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo chimene chimakhala padzuwa tsiku lililonse chimatha msanga kuposa choyenda nacho mwa apo ndi apo. Mukaona ming'alu m'thovu, chikuto chikukanganuka kapena kutuwa n'kumathetheka, lamba akuyoyoka ulusi, kapena chomangira chake chathyoka, nthawi yakwana ngakhale zakazo zisanathe. Mukagwa mutu n'kumenyeka pansi, chisinthireni pomwepo ngakhale chikuoneka chabwino, ndipo musanachitaye dulani malamba ake kuti wina asachitole n'kumachivala poganiza kuti chidakali choteteza.